Malume akhale pati pa tsiku lothokoza agogo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wachitsikana amene amagwira ntchito ku Moatize, kuno ku Mozambique, koma kwawo ndi cha ku Furancungo m'boma la Macanga. Wandilola kumuyankha poyera bola ndisatchule dzina lake kapena mudzi wake. Nkhani yake mwachidule ndi iyi. Agogo ake aamuna, obereka mayi ake, analowa m'tchire ali mnyamata kukamenyana ndi Apwitikizi, ndipo lero ndi nkhalamba yoyendera ndodo. Adzukulu asonkherana ndalama kuti pa 25 Seputembala adzaphe mbuzi, adzafulule thobwa, adzawaveke suti ndi kuwathokoza akadali ndi moyo. Koma agogo omwewo ali ndi mwana wamwamuna, malume ake a mayiyu, amene anagwidwa ndi Matsanga, asilikali a Renamo pa nkhondo yapachiweniweni, mu 1986 ali ndi zaka 13, akuchokera kudimba, ndipo anabwerako nkhondo itatha. Amakhala kumapeto kwa mudzi, ndi munthu wosalankhulalankhula, ndipo iye ndi bambo ake amangopatsana moni basi. Ena pabanjapo akuti asaitanidwe, angadetse tsikulo. Funso la mayiyu ndi lakuti: "Kodi tiwaitane? Nanga tikawaitana tiwatchule kuti ndani, popeza tsikuli ndi la asilikali?"

Mlongo wanga, aitaneni. Pa funso loyambalo mtima wanga sugawanika ngakhale pang'ono. Koma kuitanako kuli ndi njira yake, ndipo mukaiphonya mudzapweteka anthu awiri nthawi imodzi, ndiye ndiloleni tiyende pang'onopang'ono.

Ndiyambe ndi agogo anu, chifukwa sindikufuna wina aganize kuti ndikuchepetsa ulemu wawo. Tsiku mwasankhalo ndi limene nkhondo yomenyera ufulu inayamba, pa 25 Seputembala 1964, ku Chai m'chigawo cha Cabo Delgado. Kuno kwathu moto unakolera mu 1968, pamene asilikali a Frelimo analowa kudzera ku Zambia, ndipo oyamba kuumva kutentha anali a kumpoto kwa Zambezi, ku Marávia, ku Chifunde ndi kwanu ku Macanga. Chaka chotsatira Apwitikizi anayamba kumanga damu la Cahora Bassa, ndiye chigawo cha Tete anachidzaza ndi asilikali kuti ntchito yawoyo isasokonezeke. Anthu anachotsedwa m'midzi ya makolo awo n'kuunjikidwa m'maaldeamento, midzi yolonderedwa ndi mfuti, kuti asamapereke ufa kwa a m'tchire. Mnyamata wolowa m'tchire masiku amenewo ankadziwa kuti akhoza kufa, ankadziwanso kuti amayi ake otsala kumudzi akhoza kumenyedwa m'malo mwake. Za ku Wiriyamu munazimva. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a Apwitikizi anapha anthu pafupifupi 400 m'midzi ya kufupi ndi mzinda wa Tete, amayi ndi makanda omwe. Maiko akunja anadzamva mu 1973 wansembe Adrian Hastings ataulula nkhaniyo m'nyuzipepala ya ku London, ndipo zinatenga pafupifupi zaka 50 kuti nduna yaikulu ya dziko la Portugal, António Costa, ipepese mu 2022. Nkhondo imene agogo anu anamenya ndi imeneyo. Mbendera imene inakwera pa 25 Juni 1975 anaikweza ndi mapazi otupa a anthu ngati iwo. Aphereni mbuzi, ndipo ikhale yonona.

Koma m'kalata yanu yonse agogo aakazi mwangowatchula kamodzi, kuti ndi amene adzayang'anire zophikaphika. Pamenepo ndinaima. Malume anu anabadwa nkhondo yoyamba ili mkati, kutanthauza kuti mayi ameneyu anabereka ndi kulera khanda ndege zikuuluka pamwamba. Frelimo inali ndi gulu la asilikali aakazi kuyambira mu 1967, ndipo Josina Machel timamukumbukira pa 7 Epulo chaka chilichonse, koma amayi ambiri amene anasenza ufa ndi mabokosi a zipolopolo pamutu usiku, kuwoloka mitsinje mwana ali kumbuyo, maina awo sanalembedwe m'buku lililonse. Ndipo mayi yemweyo ndi amene patapita zaka anadikira mwana wake kuti abwere kuchokera kudimba, dzuwa n'kulowa, mwana osaoneka. Musawaike kukhitchini tsiku limenelo. Aphike ena. Iwo akhale pampando pafupi ndi amuna awo, atavala kapulana yatsopano imene mwawagulira inu.

Tsopano za malume.

Ine ndinakulira cha ku Domwe, m'boma la Angónia. Tinathawa mu 1986, chaka chomwecho chimene malume anu anatengedwa, n'kuwolokera ku Dedza titasenza mphasa ndi mapoto. Sitinali tokha: dziko la Malawi linasunga anthu a kuno pafupifupi 1 miliyoni, ndipo amene anafa m'zaka 16 za nkhondo imeneyo ndi pafupifupi 1 miliyoninso. Tisanathawe, usiku wina anthu a mfuti anafika pamudzi pathu n'kutenga anyamata, mmodzi wa iwo ali achimwene anga oyamba kubadwa. Sinditchula kuti anthuwo anali a mbali iti, ndipo ndikutero dala. Achimwene sanabwererenso. Mayi anga anakhala zaka zambiri akufunsa aliyense wochokera kutali ngati anamuonako mwana wawo, ndipo sindinawamvepo tsiku ndi limodzi lomwe akufunsa kuti wavala yunifomu yanji. Ankangofunsa ngati ali moyo, ngati akudya.

Amene tinaiona nkhondo ija timadziwa kuti anyamata ambiri a m'midzi sanasankhe mbali. Matsanga ankagwira ana kudimba, kumjigo, panjira ya kusukulu. Ku mbali ya boma kunali kugwira anyamata m'misika ndi m'mabasi, kumene anthu ankakutchula kuti tira-camisa. Mbali imene munthu anagwera kawirikawiri inkatengera njira imene anadzera m'mawa wa tsikulo. Mwana wa zaka 13 wochokera kothirira ndiwo sankadziwa kuti André Matsangaissa, amene dzina lakuti Matsanga linachokera kwa iye, anali ndani, kapena kuti anafa kale mu 1979. Ankadziwa kuti mnzake amene anayesa kuthawa anaphedwa iye akuona.

Sindikunena kuti zimene zinachitika zinali zazing'ono. M'midzi mwathu muli anthu odulidwa makutu, muli amasiye, muli ana amene anakula osadziwa manda a bambo awo, ndipo ena mwa amene anachita zimenezo anali anyamata ogwidwa omwewo. N'kutheka kuti malume anu ali ndi zinthu zimene manja awo anachita zimene sanauzepo munthu. Ngati m'mudzi mwanu muli banja limene lili ndi chilonda chokhudza gulu limene iwo anali, musalikakamize kubwera kudzavina. Kupweteka kwawo n'koona. Koma phwando mukukonzali ndi la pabanja panu, ndipo pabanja funso si lakuti ndani anali kumbali yolondola. Funso ndi lakuti nkhondo inatenga ndani pakhomo pano, inabweza ndani, ndipo obwezedwawo tikuwasunga bwanji.

Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, pakati pa Joaquim Chissano wa boma ndi Afonso Dhlakama wa Renamo, dziko lathu silinakhazikitse bwalo loti anthu aziulula zimene anachita. Kunabwera lamulo lokhululukira onse, ndipo ntchito yolandira obwera kunkhondo inatsalira midzi. Akuluakulu anachita zimene ankadziwa. Mnyamata asanalowe m'nyumba ankamusambitsa mankhwala, zovala za kutchire n'kuziwotcha, makolo n'kuthira nsembe kuuza mizimu kuti mwana uja wabwera. Ena anapita nawo kutchalitchi kukawapempherera. Pambuyo pake ankamuuza kuti za kumeneko zatha, usazitchulenso. Njira imeneyi inatipulumutsa ku kubwezerana, ndipo ine ndimailemekeza. Koma inasiya anthu ambiri ngati malume anu ali chete mpaka lero: anawalola kulowa m'mudzi, koma palibe amene anawauzapo kuti pepani, munali mwana, tinalephera kukutetezani.

Mwandifunsa kuti muwatchule kuti ndani. Ngakhale boma lenilenilo linayankha kale mbali ina ya funsoli. Lamulo la omenya nkhondo la mu 2011, nambala 16, limatchula magulu awiri: amene anamenyera ufulu wa dziko, ngati agogo anu, ndi amene anamenya nkhondo yachiwiri ija, a mbali zonse ziwiri. Pangano la mtendere la pa 6 Ogasiti 2019, la Filipe Nyusi wa boma ndi Ossufo Momade wa Renamo, linachititsa kuti asilikali a Renamo 5,221 atule zida, ndipo mu 2023 boma linavomereza zowapatsa penshoni. Ngati akuluakulu amene ankatumiza anyamata kukaphana anagwirana chanza pamaso pa dziko lonse, banja lanu likhala bwanji louma mtima kuposa iwo?

Komabe pa tsikulo ine sindingawatchule kuti ngwazi, chifukwa eni ake mawu amenewo akhoza kuwalasa. Sindingalolenso munthu aliyense, ngakhale ataledzera, kuwatchula kuti Matsanga kapena chigawenga. Dzina lawo lilipo kale: ndi malume. Kwanu ku Macanga ndinu Achewa, ndipo mukudziwa kuti malume ndiye mwini mbumba. Tsiku limene mudzakwatiwe, a kuchimuna adzafuna kuonana ndi ndani? Maliro akagwa pakati pa ana a mlongo wawo, adzakhala pabwalo ndi ndani? Ndiye zingatheke bwanji kuti mbumba isonkhane kuthokoza bambo, mwini mbumbayo ali kumapeto kwa mudzi akumva fungo la nyama ndi phokoso la nthungululu? Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Amene adzalankhule m'malo mwa banja anene mawu ochepa okha, onga akuti: pakhomo pano nkhondo inadutsa kawiri, koyamba inatenga bambo, kachiwiri inatenga mwana, onse awiri Mulungu anatibwezera, ndipo lero tikudya nawo. Akatero akhale pansi. Asawonjezere za zipani.

Pali chinthu china chimene ndikufuna muchiganizire musanaweruze kukhala chete kwa agogo anu. Bambo anga, achimwene atatengedwa, anasiya kutchula dzina lawo. Ife ana tinkaganiza kuti ndi kuuma mtima. Ndinadzamvetsa nditakula, tsiku lina ku Dedza nditawapeza kuseri kwa chisakasa akulira okha. Anali ndi manyazi. Iwo anali bambo, anali pakhomo usiku umenewo, ndipo sanathe kuchita kanthu. Tsono taganizirani munthu amene anagwira mfuti zaka zingapo, anathamangitsa atsamunda, anthu n'kumamuimbira nyimbo, kenako mwana wake yemwe n'kutengedwa masanasana iye ali pomwepo m'mudzi. Moni wouma umene mumaumva pakati pa awiriwo ukhoza kukhala udani, koma ukhozanso kukhala manyazi a mbali zonse ziwiri, wina poti sanateteze, wina poti anabwera kuchokera kwa adani a bambo ake. Zimenezi sizithetsedwa ndi maikolofoni.

N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti musawadzidzimutse. Musakonze zoti pakati pa phwando wina aimirire n'kunena kuti bambo ndi mwana agwirane chanza anthu akujambula pa foni zoti aike pa Facebook. Imeneyo ndi nkhanza yovala suti. Pitani kwa malume kudakali masabata angapo, inu nokha kapena ndi mayi anu, mukhale pansi, muwauze zimene mukukonza ndi kuti mbumba ikufuna iwo akhalepo. Kwa agogo tumizani munthu wa msinkhu wawo amene amamumvera, kaya ndi mfumu, kaya mkulu wa mpingo, kaya mnzawo wa kutchire. Mdzukulu pali mawu ena amene sanganene kwa agogo ake, koma nkhalamba inzawo ikhoza kuwanena ikufwenkha fodya. Ngati awiriwo ali ndi zoti akambirane, akambirane tsiku lina, pakhonde, popanda ng'oma.

Za tsiku lenilenilo ndili ndi maganizo anga, mukhoza kuwatenga kapena kuwasiya. Pa 25 Seputembala m'mawa agogo anu mwina adzafuna kupita kumwambo wa boma ndi anzawo, kukaika nkhata za maluwa ndi kuimba nyimbo zawo za kutchire. Aperekezeni, muwavale suti ija, muwajambule. Tsiku limenelo ndi lawo. Koma pakangopita masiku 9 pamabwera 4 Okutobala, tsiku la mtendere ndi chiyanjano, nalonso ndi la tchuthi. Ndikanakhala ine, mbuzi ndikanaipha pa 4 Okutobala. Tsiku limenelo palibe amene angafunse kuti uyu akufuna chiyani pano, chifukwa ndi la agogo aamuna, la agogo aakazi, la malume, ndi la mayi anu amene anakula opanda mlongo wawo. Ndi tsiku limene mayi anga ankavala nsalu yawo yabwino n'kukhala pakhomo kuyang'ana kumsewu.

Malume akhoza kukana. Akakana musakwiye ndipo musatumize anthu ambiri okawanyengerera. Dulani mwendo wa mbuzi, tengani nsima ndi chigubu cha thobwa, mupite nazo kunyumba kwawo inu adzukulu ndi ana a mlongo wawo, mukadyere nawo pamenepo ngakhale pang'ono. Chaka chamawa mudzawaitanenso.

Akabwera, pali mafunso amene sayenera kumveka pabwalo. Lalikulu ndi lija anyamata amakonda mowa ukalowa m'mutu, lakuti munapha angati. Ameneyo asafunsidwe malume, asafunsidwenso agogo. Uzanitu achinyamata a pabanja. Ndipo musaphulitse makombola kapena zilizonse zolira ngati mfuti. Ndinaonapo bambo wina wamkulu, amene anali msilikali, akugwa pansi n'kukwawa pa ukwati chifukwa cha zophulitsa za ana, anthu n'kumaseka. Sanabwererenso pa chikondwerero chilichonse m'mudzimo.

Phwando ndi tsiku limodzi, ndipo pamene mbale zatsukidwa m'pamene ntchito ya mdzukulu wophunzira ngati inu imayamba. Kodi mapepala a agogo ali bwino? Amene amalandira penshoni amayenera kukaonetsa kuti ali moyo, prova de vida ija, ndipo nkhalamba zambiri za kumidzi ndalama zimaima chifukwa chosowa woziperekeza kapena chifukwa chitupa chinatha ntchito. Pezani tsiku, mulipire galimoto, mukaime nawo pamzere. Za malume, afunseni mofatsa ngati anadutsa m'misasa ya ONUMOZ, gulu la United Nations limene linatulitsa zida asilikali oposa 90,000 a mbali zonse ziwiri chisanachitike chisankho cha mu 1994. Odutsa kumeneko ankapatsidwa khadi, makasu, mbewu ndi ndalama za miyezi 24. Ngati khadi limenelo likadalipo m'chikwama china pansi pa bedi, lisungeni bwino, mulijambule, ndipo mukafunse ku ofesi yoona za omenya nkhondo ngati akuyenera kulandira kanthu, pakuti lamulo limayang'ana zinthu monga zaka zimene munthu anakhala kunkhondo. Muyembekezere kuyenda kangapo. Ine ndinayendera mapepala a mnansi wanga wina wolumala mwendo kwa nthawi yaitali, ndikubwezedwa kuti bwerani mawa, mpaka tsiku lina zinatheka. Yekha akanasiyira panjira.

Onaninso denga la malume mvula isanayambe. Onani ngati ali ndi feteleza, ngati amagona tulo, ngati mowa sukuwadya. Nthawi zambiri amene amadziwa zonsezi ndi mkazi wawo, amene wakhala zaka zambiri akudzutsidwa usiku ndi kukuwa kwa mwamuna wake popanda womufunsa kuti mukupirira bwanji. Naye mugulireni kapulana.

Ndipo agogo akafuna kusimba, tsegulani foni mujambule mawu awo. Musawadule, musawakonze zaka akasokoneza. Afunseni maina a anzawo amene anatsala kutchire, mitsinje imene anawoloka, zimene ankadya chilala chikavuta. Anthu a m'badwo umenewo akutha, ndipo aliyense akamapita amapita ndi maina a anthu amene palibenso wina akuwakumbukira. Malume musawapemphe zimenezi. Akadzafuna okha tsiku lina, mudzangokhala chete n'kumvetsera, foni ili m'thumba.

Pa mndandanda wa oitanidwa muwonjezere nyumba zina. Kuyambira pa 5 Okutobala 2017, pamene zigawenga zinaukira Mocímboa da Praia, ana a m'midzi yathu akhala akutumizidwa ku Cabo Delgado, komwe kuja nkhondo ya agogo anu inayambira, ndipo lamulo latsopano linakweza zaka za usilikali kuchoka pa ziwiri kufika pa zisanu. Sindikayika kuti kufupi ndi kwanu kuli mayi amene amagona foni ili pamtsamiro, kapena mtsikana amene akulera yekha mwana wa msilikali. Aitaneni adzadye nawo, ndipo dzina la mwana wawo litchulidwe m'pemphero. Agogo anu aakazi adzadziwa zoti awauze kuposa ife tonse.

Ife achimwene anga tinadzawachitira mwambo wa maliro patapita zaka zambiri, popanda mtembo, popanda manda. Tinafulula mowa, tinameta, abale anabwera kuchokera ku Ulongwe ndi ku Dedza. Mkulu wina ataimirira n'kutchula dzina lawo mokweza pabwalo, mayi anga anagwira dzanja la bambo anga anthu onse akuona, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo chibadwire. Ife tinali ndi dzina lokha loti titchule. Inu muli ndi munthu wamoyo, woti mukhoza kumuikira mpando ndi kumuthirira madzi osamba m'manja.

Loweruka likubwerali kwerani galimoto ya ku Furancungo. Mbuzi musagule kaye. Gulani shuga, mchere ndi sopo, mukafike kaye kunyumba ya kumapeto kwa mudzi ija, mukaodire, ndipo akakupatsani mphasa mukhale mpaka dzuwa lipendeke. Mukabwerako mundilembere.